Mfuti ya agogo yapezeka m'tsindwi: iwerengeni kaye musanaigulitse

Mwezi wa June kwathu ku Dedza sufuna nthabwala. Nkhungu imatsika m'phiri m'mamawa n'kukuta midzi yonse, moti munthu umayamba waganiza kawiri usanapise dzanja m'madzi. M'mwezi woterewu ndi momwe ife pamtundu pathu, kufupi ndi kwa Bembeke, tidapangana zosasula denga la nyumba yakale ya malemu agogo kuti tikhomepo malata. Mbatata ya kachewere idali itayenda bwino chaka chimenecho, ndiye aliyense adasonkhako kangachepe.

Mphwanga wina, mnyamata wa kusekondale, ndiye adakwera pamwamba n'kumasolola udzu wakuda bii ndi mwaye. Mwadzidzidzi tidangomva akukuwa: “Amalume! Kuno kuli chinthu!” Tonse tidabwerera m'mbuyo poganiza kuti ndi njoka. Koma chomwe adatsitsa chidali chinthu chachitali, chokulungidwa m'chiguduli ndi chikopa chouma, chomangidwa ndi luzi m'malo atatu. Titamasula, pabwalo padagwa bata. Idali mfuti, yaitali pafupifupi kufika pachifuwa cha munthu wamkulu, yadzimbiri, mtengo wake utakhomedwa timisomali tamkuwa.

Dzuwa lisanapendeke, mtundu udagawika patatu. Atsibweni, omwe ndi eni mbumba, adati: “Chinthu ichi chitiika m'mavuto. Tikachiponye m'chimbudzi usiku uno, nkhani ithere pompo.” Msuweni wanga wina, yemwe foni siichoka m'manja mwake, adali atajambula kale n'kutumiza pa WhatsApp, ndipo pofika madzulo ankati pali bambo wina wa m'tauni yemwe walonjeza ndalama zokwana matumba awiri a feteleza. Gulu lachitatu lidali la azakhali, omwe ankangobwereza kuti: “Imeneyi ndi ija agogo anu aamuna adabwera nayo kuchokera ku nkhondo ya ku Burma. Siigulitsidwa.”

Kenaka onse adatembenukira kwa ine. Paja ukamalemba m'magazini anthu amayesa umadziwa zonse. Ndidapempha sabata ziwiri, ndipo zomwe ndidaphunzira m'sabata zimenezo ndi zomwe ndikufuna tikambirane lero, chifukwa ndikudziwa kuti denga lathu si lokhalo lomwe likusunga chinsinsi chotere.

Choyamba ndi moyo, chachiwiri ndi lamulo

Tisanafike pa za mtengo, tiyeni timvane chinthu chimodzi. Mfuti yakale si ndodo. Mfuti zothirira onga kukamwa, zomwe akuluakulu amati gogodera, nthawi zambiri zinkasungidwa zili zothira kale, popeza kuthira kunkatenga nthawi ndipo nguluwe siyembekeza munthu. Onga wakuda uja ukakhala pouma, ngati m'tsindwi momwe utsi umafika tsiku ndi tsiku, umatha kukhala wamoyo zaka makumimakumi. Choncho musailozetse kwa munthu ngakhale mwanthabwala, musakhethemule, musaiike pamoto pofuna kuchotsa dzimbiri, ndipo ana asaseweretse. Za kuyesa kuombera ndiye iwalani. Chitsulo chomwe chadyedwa ndi dzimbiri zaka zoposa 100 chimaphulikira mwini wake kumaso.

Lamulo nalo lili poyera. Dziko lino lili ndi lamulo loyang'anira mfuti la chaka cha 1967, ndipo kusunga mfuti popanda chilolezo cha apolisi ndi mlandu. Kuigulitsa mwamseri kwa munthu wosadziwika ndi mlandu winanso pamwamba pake. Palinso lamulo la 1990 loteteza zipilala ndi zinthu zakale, lomwe sililola kuti zinthu zosunga mbiri ya dziko zizingotuluka m'malire popanda chilolezo cha boma. Ndiye munthu akakuuzani kuti “musauze aliyense, ndibwera usiku ndi ndalama,” dziwani kuti akukukokerani kudzenje.

Ndionjezereponso ichi, makamaka kwa ife a m'malire. Nkhondo ya ku Mozambique itatha mu 1992, mfuti zina zidatsalira m'midzi ya mbali zonse ziwiri za malire, kuyambira ku Dedza mpaka ku Ntcheu. AK-47 kapena G3 si chinthu chamakedzana ayi. Imeneyo ndi mfuti yankhondo yamakono, ndipo ilibe nkhani ina koma kukanena kupolisi basi. Zomwe ndikulemba pano n'zokhudza mfuti za nthawi ya makolo ndi ya atsamunda.

Funso loyamba: imadyera kuti?

Kuzindikira mfuti kuli ngati kuzindikira ng'ombe pamsika wa ku Chimbiya. Suyambira kumva zomwe mwini wake akunena, umayamba waiyang'ana wekha. Funso loyamba n'lakuti, kodi chipolopolo chimalowera kuti?

Ngati kumbuyo kwa mpaipi n'kotsekeratu, ndipo pansi pa mpaipiwo pali ndodo yachitsulo yotsenderera onga, imeneyo ndi gogodera. Za mtundu umenewu zilipo ziwiri. Yakale kwambiri ili ndi kanyundo kogwira mwala, mwalawo ukakhula chitsulo umatulutsa moto woyatsa onga. Yotsatira ili ndi kanyundo komenya kachipewa kamkuwa, komwe akuluakulu ankati fataki. Mwa zimenezi yotchuka ndi Enfield ya 1853, yomwe asilikali a ku Britain adamenyera nkhondo ya ku Crimea. Mumaidziwira mpaipi wotalika pafupifupi mita imodzi ndi mphete zitatu zachitsulo zomanga mpaipiwo ku mtengo.

Ngati kumbuyo kwa mpaipi kuli kachitseko kotsekukira kumbali, imeneyo ndi Snider. Mu 1866 Angerezi adayamba kudula ma Enfield akale aja kumbuyo n'kuikapo kachitseko kuti chipolopolo chizilowera kumeneko. Ikakhala ndi chogwirira pansi, chomwe ukachitsitsa pamwamba pamatseguka kanjira kolowetsera chipolopolo chimodzi, ndiye Martini-Henry ya 1871, ija Angerezi adagonja nayo kwa Azulu ku Isandlwana mu 1879. Mfuti za mitundu iwiriyi, Snider ndi Martini, ndi zomwe asilikali oyambirira a boma la atsamunda ankanyamula kuno m'zaka za m'ma 1890, pomwe Harry Johnston ankathira nkhondo mafumu okana ulamuliro wake.

Ikakhala ndi chitsulo chokoka ngati mpiringidzo wa chitseko, komanso kabokosi ka zipolopolo 10 pansi, ndiye mwafika pa Lee-Enfield, ija anthu amangoti .303. Imeneyi ndiyo mfuti ya Keyala, gulu la King's African Rifles lomwe lidakhazikitsidwa mu 1902. Ya nthawi ya nkhondo yoyamba, yomwe makolo ankaitcha nkhondo ya Chiwaya, ili ndi mphuno yobuntha chifukwa mtengo umafika mpaka kukamwa kwa mpaipi. Ya mtundu wa No. 4, yomwe idayamba kugawidwa mu 1941, mpaipi wake umatulukira patsogolo pang'ono, ndipo poyang'anira pali kabowo kozungulira kumbuyo, pafupi ndi diso.

Ifenso a ku Dedza tisaiwale kuti tidayandikana ndi Apwitikizi. Tsidya la Angónia ndi pakhomo pomwepa. Mfuti za asilikali awo zimadziwika ndi zolemba za Chipwitikizi. Mauser-Vergueiro idalembedwa pambali kuti Espingarda Portugueza ndi chaka cha 1904, pomwe Kropatschek ya 1886 idapangidwira ku Steyr m'dziko la Austria. Kumpoto, komwe kudachitika nkhondo ya ku Karonga pa 9 September 1914, nkhani imakhala ya Mauser ya 1871 yomwe asilikali achikuda a Jeremani ankanyamula, yotulutsa utsi wambiri poombera.

Chitsulo chimalankhula

Mukadziwa mtundu, chotsatira ndi kuwerenga zidindo. Azungu opanga mfuti ankadinda chilichonse, ngati momwe boma limadindira ng'ombe zake. Pukutani pang'onopang'ono ndi kansalu kouma, walitsani tochi chammbali kuti zilembo zioneke ndi mthunzi wake, kenaka jambulani ndi foni.

Chidindo choyamba kufunafuna ndi chisoti chachifumu ndi zilembo ziwiri pansi pake. VR ndi Mfumukazi Victoria, yemwe adalamulira kuyambira 1837 mpaka 1901. ER ndi Edward VII, kuyambira 1901 mpaka 1910. GR pa mfuti za .303 ndi George V kapena George VI, kuyambira 1910 mpaka 1952. Apa pokha mutha kugwira bodza. Mfuti yolembedwa VR koma chaka chake n'kukhala 1915 ndi yachinyengo, popeza mayiyo adali atamwalira kale. Zoterezi zilipo zambiri. Amisiri a m'mapiri a m'malire a Pakistan ndi Afghanistan akhala akusula ma Martini ndi ma Enfield abodza kwa zaka zambiri, ena mpaka kulemba chilembo N chagada.

Chachiwiri ndi kachizindikiro konga phazi la nkhuku, timizere titatu tokumana pamwamba ngati nsonga ya muvi. Kameneko kamatanthauza kuti chinthucho chidali katundu wa boma la Britain. Mukaona timivi tiwiri titayang'anizana nsonga, ndiye kuti boma lidaigulitsa mfutiyo kwa anthu wamba italeka ntchito. Zilembo za DP zimatanthauza kuti idatsitsidwa n'kukhala yophunzitsira perete basi, yosayeneranso kuombera.

Chachitatu ndi dzina la fakitale. ENFIELD ndi fakitale ya boma pafupi ndi London. BSA ndi kampani ya ku Birmingham, yomweyo idadzatchukanso ndi njinga. Lithgow ndi ku Australia, Ishapore ndi ku India, Long Branch ndi ku Canada. Pa .303 ya mphuno yobuntha, zolembazi zimakhala pa mkombero wachitsulo womwe uli pamwamba pa chokhethemulira, kudzanja lamanja. Mukapeza zilembo ELG zili m'kati mwa kamzere konga dzira, mpaipiwo udayesedwera ku Liège m'dziko la Belgium, mzinda womwe udapanga mfuti zambirimbiri zotchipa zogulitsa ku Africa.

Chachinayi ndi nambala. Pa .303 nambala ya pa mpiringidzo iyenera kufanana ndi ya pa thupi la mfuti. Zikasiyana, ndiye kuti ndi ya zigamba, mutu wa uyu thupi la uje. Zina zili ndi kandalama kamkuwa pa mtengo wotsamira paphewa, pomwe ankadindapo dzina la gulu la asilikali. Kameneko n'kofunika zedi, chifukwa kangakuuzeni komwe mfutiyo idagwira ntchito.

Nanga yathu idanena chiyani?

Nditaunika yathu ija ndi tochi, mtima udagunda. Kumbuyo kunalibe mpiringidzo, kunalibe kabokosi ka zipolopolo. Idali ndi kanyundo ka fataki, mphete zitatu ndi ndodo yotsenderera onga. Pa kachitsulo ka m'mbali padalembedwa 1862, pansi pake TOWER, ndipo chakumbuyo kwake chisoti chachifumu. Koma pansi pa chisoticho panalibe VR, ndipo phazi la nkhuku silidaoneke paliponse. Pa mpaipi padali nambala 25 yodindidwa kawiri pakati pa tizidindo ta ku Birmingham.

Tanthauzo lake n'lakuti mfutiyi ndi ya kapangidwe ka Enfield ya 1853, koma siidakhalepo ya boma la Britain. Idapangidwa ndi amalonda a ku Birmingham kuti igulitsidwe kwa aliyense wa ndalama. M'zaka zimenezo mfuti zotere zinkapita zikwi mazanamazana ku America, komwe kudali nkhondo yapachiweniweni kuyambira 1861 mpaka 1865. Mfuti zodyera kumbuyo zitabwera, ma gogodera adasanduka zotsalira, ndipo msika wake waukulu udadzakhala Africa. Ngakhale pangano la ku Brussels la 1890, lomwe lidaletsa kugulitsa mfuti zamakono m'chigawo chachikulu cha Africa, lidasiyabe mpata wa mfuti zachikale zamwala ndi onga wamalonda.

Ndiye ndidayenera kukawauza azakhali kuti mfutiyi siidapiteko ku Burma. Asilikali a kuno adamenya nkhondo kumeneko mu 1944 atanyamula .303, ndipo mfuti yathu panthawiyo idali kale ndi zaka 82. Komanso msilikali sankapita kwawo ndi mfuti ya boma. Idali yowerengedwa ndi nambala, ndipo pomasulidwa usilikali ankaibweza kunkhokwe ya zida. Azakhali adandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka adati: “Iwe mwana, sukulu yakuonongatu. Pita ukafunse agogo ako aang'ono.”

Agogo aang'ono, mng'ono wawo wa malemu agogo, maso adachita khungu koma mutu ngwakuthwa. Ndidawapeza akuothera dzuwa kuseri kwa nkhokwe. Nditafotokoza, adaseka mpaka kutsokomola.

“Alamu anga adabwera ndi jasi, nsapato, mendulo ndi bokosi lachitsulo. Mfuti ayi. Imeneyo adaipeza pakhomo pano. Idali ya atsibweni a amayi athu, iwonso adalandira kwa atsibweni awo. Ankaombera nguluwe kudimba, ndipo pa maliro a mfumu inkalira. Chaka chija boma linkagwira anthu a Kongeresi, amuna adaopa kuti asilikali akaipeza atenga mudzi wonse. Adaikulunga usiku n'kuikweza m'tsindwi. Ine ndidagwira nyali.”

Chaka chimenecho ndi 1959, pomwe boma la atsamunda lidalengeza za chipwirikiti pa 3 March. Tsono taonani. Chitsulo chidatiuza komwe mfutiyo idabadwira ndi chaka chake, agogo adatiuza komwe idakulira. Popanda mmodzi mwa awiriwa tikadakhala ndi theka la nkhani.

Koma ndidafunsanso funso lina, loti kodi mwini wake woyambayo adaigula ndi chiyani. Agogo adakhala chete, kenaka adati: “Zinazi sankatiuza ana.”

Funso limeneli landisowetsa tulo. M'zaka za m'ma 1860 mpaka 1890, mfuti sizinkagulidwa ndi ndalama kuno. Zinkabwera ndi amalonda ochokera kugombe la nyanja ya mchere, kudzera kwa Jumbe ku Nkhotakota, kwa mafumu a Chiyao a kumwera kwa nyanja, kapena kwa Apwitikizi a ku Tete. Malipiro ake adali minyanga ya njovu, apo ayi anthu. Idali nthawi yomwe makolo athu ambiri adathawira m'mapiri ngati Chongoni ndi Dedza, kulima timinda m'matanthwe poopa nkhondo. Panalibe mtundu woyera m'manja pa malonda amenewo. Mafumu a mitundu yosiyanasiyana, Achewa omwe, adagulapo mfuti, ena pofuna kudziteteza, ena pofuna kugwira anzawo. Mwina kholo lathu lidapha njovu. Mwina lidateteza nayo mbumba yake paphiri. Mwinanso pali mwana wa munthu yemwe adawoloka nyanja osabwereranso kuti chitsulo chimenechi chifike pakhomo pathu. Chinthu chonyamula funso lolemera chonchi, kodi n'chosinthanitsa ndi matumba awiri a feteleza?

Tsono mtengo wake ndi wotani?

Ndikudziwa kuti ena mwathamangira pano. Chabwino, tiyeni tikambe mosabisa. Kumaiko komwe kuli misika yovomerezeka ya zinthu zakale, monga ku Britain, America ndi South Africa, akatswiri amayang'ana zinthu zisanu.

Amayamba ndi kuona ngati ili yeniyeni, osati yosula dzulo. Kenaka amaona ngati ziwalo zake zonse zili zomwe idabadwa nazo. Chachitatu ndi mmene yasungikira: dzimbiri lalowa motani, mtengo wafumbwa kapena ayi, zidindo zikuwerengeka kapena zidafufutika. Chachinayi ndi kusowa kwake. Chachisanu, chomwe nthawi zina chimaposa zonse, ndi mbiri yake yokhala ndi umboni.

Pa nkhani ya kusowa ndi pomwe ambiri amagwa mphwayi. Kukalamba kokha si chuma. Ma Lee-Enfield adapangidwa pafupifupi 17 miliyoni padziko lonse, ndiye .303 wamba siingakhale ya mtengo wa galimoto. Ma Martini nawo adatsika kusowa kwake mu 2003, pomwe amalonda a ku America adagula mfuti zakale zoposa 50,000 zomwe zidaunjikidwa m'nyumba ina yachifumu ku Kathmandu m'dziko la Nepal. Gogodera wamalonda ngati wathu, wadzimbiri, wokhomedwa timisomali ndi kumangidwa waya pomwe mtengo udang'aluka, kwa wosonkhanitsa mfuti zausilikali ndi wa pansi pa mndandanda. Koma timisomali tomweto, kwa munthu wa kunyumba yosungira zakale, ndi umboni wa mmene Amalawi ankakometsera ndi kukonzera zida zawo. Chomwe uyu akuti chilema, uyo akuti ndiye nkhani yake.

Apa ndiulule tsoka lomwe lidatigwera. Ndili kotsata mbiriyi, msuweni uja adaganiza zothandiza. Adatenga sandipepa ndi mafuta a galimoto n'kuyamba kukwecha mpaipi kuti “uwale, wogula akopeke.” Mwamwayi atsibweni adamupezerera atangokwecha kachigawo kotalika ngati chikhatho, koma chidindo chimodzi cha ku Birmingham chidapita. Abale anga, mtundu wakuda wofiirira womwe chitsulo chimavala ndi zaka ndi womwe akatswiri amafuna. Kuuchotsa kuli ngati kutenga mbiya ya agogo n'kuipaka penti. Chomwe chidatenga zaka 160 kuti chipangike chimatha pa mphindi 10, ndipo sichibwerera. Musakweche, musapake vanishi, musamasule zomangira, musapite nayo kwa wowotcherera.

Chenjeraninso ndi amalonda a mphekesera. Tonse tidamvapo nkhani za simbi yamakala yokhala ndi tambala pamwamba, kapena ndalama zakale za Jeremani, zomwe amati zimagulidwa mamiliyoni. Kodi mudamuonapo ndi maso anu munthu yemwe adalemera nazo? Kachitidwe kake n'kamodzi. Wina amakuuzani kuti katundu wanu ndi wa mamiliyoni, koma muyambe mwapereka ya “kuyezetsa” kapena ya mayendedwe a bwana wochokera kunja. Winayo amakupatsani zochepa msangamsanga, podziwa kuti simungakadandaule kulikonse popeza malondawo ngosaloledwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo mfuti yomwe mwagulitsa mumdima ikakapezeka pa umbanda, mapazi ake adzalondoleka mpaka pakhomo panu.

Zoona zake n'zakuti mitengo yomwe mumaona pa intaneti ndi ya kumaiko komwe kuli misika ndi zilolezo zake. Simungainyamule mitengoyo n'kuibweretsa pa Lobi kapena pa Mayani. Kuno mtengo weniweni wa mfuti yotere uli mu zomwe ikutiuza za ife eni.

Mukaipeza, chitani izi

Isiyeni pamalo ouma, potsekeka, kukamwa kwake kutaloza kukhoma lopanda munthu kuseri. Ijambuleni yonse mbali zonse ziwiri, kenaka chidindo chilichonse pachokha, ndipo yezani kutalika kwake. Chiguduli kapena chikopa chomwe idakulungidwamo musataye, ndi mbali ya mbiri yake.

Tsiku lomwelo, osati mawa, khalani pansi ndi wamkulu woposa onse pamtundu. Tsegulani foni, ajambulidwe mawu. Funsani kuti idali ya yani, idabwera bwanji, inkagwira ntchito yanji, idabisidwa liti ndipo chifukwa chiyani. Lembani m'kope ndi tsiku lake. Ngati pali mendulo, kabuku ka usilikali, chithunzi kapena chiphaso chakale cha msonkho wa mfuti, zisungeni pamodzi. Mendulo za nkhondo yoyamba zimakhala ndi dzina ndi nambala ya msilikali m'mphepete mwake, ndipo nambala imeneyo ndi khomo lolowera ku mbiri yake.

Mukatero, dziwitsani amfumu, ndipo pitani kupolisi mukanene musanainyamule. Musakwere nayo minibasi kapena kabaza ngati mtolo wa nzimbe. Afotokozereni kuti ndi yakale, aonetseni zithunzi, ndipo pemphani kuti a nthambi ya boma yoona zosunga zakale ndi zipilala adziwitsidwe. Dziko lathu lili ndi malo omwe zinthu zotere zimaphunzitsa ana: nyumba yosungira zakale ya pa Chichiri ku Blantyre, ya ku Karonga, ndi ya ku Mangochi, komwe pafupi ndi nsanja ya wotchi pali mzinga wa sitima ya Guendolen, ija idathira nkhondo sitima ya Jeremani pa nyanja yathu mu August 1914. Konkuno kwathu, ku Mua, nyumba ya Chamare imasunga mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao pamalo amodzi.

Ife tidatsata njira imeneyi. Atsibweni adavala jekete lawo la kutchalitchi, tidadzera kwa amfumu, n'kukanena. Sindikulonjezani kuti mfuti yanu idzabwerera pakhomo, ndipo mwina sikuyenera kutero. Koma chisanachoke chitsulocho, tidasonkhanitsa ana onse pabwalo. Agogo aang'ono adachisisita ndi manja kuyambira kukamwa mpaka kumtengo, akuwerenga timisomali tija ndi zala, n'kufotokozanso za usiku wa 1959 ndi nyali ija. Mphwanga yemwe adaitsitsa padenga ndiye adalemba zonse m'kope, ndipo kopelo likusungidwa m'bokosi lachitsulo lija lidachokera ku Burma, pamodzi ndi mendulo.

Azakhali sadagonje kwenikweni. Amati ngakhale mfutiyo siidapite ku nkhondo, mwini nyumba adapita, ndipo pamenepo palibe wotsutsa. Msuweni uja adadandaula za feteleza kwa sabata yathunthu. Koma tsiku lina ndidamupeza pa Thete akuonetsa anzake chithunzi cha chidindo chija pafoni, akuwafotokozera monyadira kuti chisoti chopanda VR chimatanthauza chiyani, ngati kuti sandipepa uja adagwira ndi munthu wina.

Agogo aang'ono adatisiya mvula yotsatira isanagwe. Tikadachedwa chaka chimodzi kusasula denga lija, tikadatsala ndi chitsulo chadzimbiri ndi nkhani ya ku Burma yomwe siidali yoona.

Ngati kwanu kuli kanthu kakale komwe mukufuna tikaunikire limodzi, kaya ndi mendulo, khasu losula, ndalama yobowola pakati kapena chithunzi, tilembereni kudzera kwa mkonzi. Tumizani chithunzi chokha, chinthucho chikhale komweko. Tikumanenso mwezi wamawa.